Jakisoni wa m'diso ndi mankhwala omvera kuwala: zomwe tinakambirana usiku uja

Mayi a Mapasa: Anzanga mwaswera bwanji. Pepani ndadula nkhani ya zopereka ija pakati. Apongozi anditumizira kavidiyo, akuti kunja apeza jakisoni wobaya m'diso, munthu wakhungu n'kuyambanso kuona. Ambiri a inu mukuwadziwa achimwene anga aja. Anayamba ali mnyamata kumapunthwa kukangoda, ife n'kumawaseka kuti ali ndi maso a nkhuku. Pano ngakhale masana amaona ngati akusuzumira m'paipi, za m'mbali sakuziona, mwana akayima pambali pawo amachita kumugunda. Kuchipatala anati ndi retinitis pigmentosa. Ndiye ndikufunsa, za jakisonizi n'zoona kapena ndi anthu ofuna kutidyera?

Didimo: Chilichonse chochokera pa foni ya apongozi muzichiyanika kaye padzuwa chiume.

Mayi a Mapasa: Inu a Didimo, lero lokha musaseke. Nkhani yake ndi ya m'nyumba.

Didimo: Pepani achemwali, ndatseka pakamwa.

Kamnyamata ka mu Labu: Achemwali, kavidiyoko sindinakaone koma ndikudziwa kumene utsiwo ukuchokera. Moto ulipo ndithu, kungoti ndi wochepa kusiyana ndi momwe akunenera. Mwini nkhani ndi katswiri wa kemisitiri wa ku Austria, Dirk Trauner, pamodzi ndi anzake awiri odziwa za minyewa a ku Berkeley, ku California, Richard Kramer ndi Ehud Isacoff. Ndiloleni ndiyambire kutali pang'ono, ndili pa basi kuchokera ku labu ndiye nthawi ndili nayo.

Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Pamenepo pali maselo olandira kuwala, ma rod ogwira ntchito kukakhala chisisira ndi ma cone oonera masana ndi mitundu. Nthenda ya achimwene anuyo imayamba kupha ma rod, n'chifukwa chake usiku ndi umene unayamba kuwavuta. Kenako imalowerera ku ma cone. Koma maselo ena otenga uthenga kupita nawo ku ubongo, ma ganglion, ambiri amakhalabe amoyo kwa zaka. Zili ngati nyumba yomwe sola yapadenga yafa koma mawaya onse ali bwinobwino. Maganizo a anthu atatuwa anali akuti, bwanji tipake mawayawo mankhwala oti iwo eni ayambe kumva kuwala?

Wa Famase: Mankhwala omva kuwala? Ife kuntchito mankhwala amene amamva kuwala timawabisa m'mabotolo abulauni chifukwa amawonongeka.

Kamnyamata ka mu Labu: Amenewo akawonongeka ndiye kuti apita, sabwereranso. Awa amapindika n'kuwongoka, kupindika n'kuwongoka, kambirimbiri osathyoka. Pamtima pake pali molekyu yotchedwa azobenzene: mphete ziwiri za benzene zolumikizidwa ndi maatomu awiri a nitrogen. Ikakhala mumdima imakhala yowongoka. Mukaiwalitsa ndi kuwala kwa mananomita 380 (umenewu ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), kumene kuli kumalire a UV, kuwala kosaoneka ndi maso kuja, imapinda pakati ngati mpeni wa m'thumba. Mukaiwalitsa ndi kuwala kobiriwira kwa mananomita 500 imatambasukanso. Molekyu imeneyi si yatsopano ayi, Mitscherlich anaipanga mu 1834, ndipo Hartley ndi amene anaona mu 1937 kuti kuwala kumaipinda. Nzeru ya Trauner inali yoisokerera mkati mwa mankhwala. Mankhwala amagwira ntchito ngati kiyi m'loko. Kiyi akapindika salowa, akawongoka alowa. Basi, mankhwala anu ali ndi swichi.

Aphunzitsi Opuma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiye mwandiputa. Cis ndi trans! Ndinakuphunzitsani zimenezi fomu 4, masana kukutentha, theka la kalasi likuwodzera, Didimo akujambula galimoto kumbuyo kwa kope. Yowongoka ndi trans, yopindika ndi cis. Ndipo musaganize kuti mzunguyo watulukira chinthu chomwe Mlengi sanachidziwe. Pamene mukuwerenga uthenga wangawu, m'maso mwanumo mukuchitika zomwezo. Muli molekyu yotchedwa retinal, yopangidwa kuchokera ku vitamini A. Imakhala yopindika, 11-cis, kuwala kukaigunda imawongoka, ndipo kuwongoka kumeneko ndiye chiyambi cha kuona. George Wald analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1967. N'chifukwa chake mwana wosowa vitamini A amayamba ndi kusaona madzulo, n'chifukwa chakenso shuga wathu amathiramo vitamini A ndipo alangizi amatiumiriza mbatata yofiira mkati.

Didimo: Galimoto ija inali Peugeot, aphunzitsi, ndipo inatuluka bwino.

Mayi a Mapasa: Ndiye ndiwagulire achimwene vitamini A wambiri?

Wamaso: Ayi mayi, musayerekeze popanda kuonana ndi wowapima. Vuto la achimwene anu si kusowa chakudya, ndi la chibadwa, maselowo akufa pawokha. Vitamini A akachuluka m'thupi amawononga chiwindi. Ndibweranso, ndili ndi odwala awiri otsala.

Kamnyamata ka mu Labu: Aphunzitsi, pali chinanso choti chikusangalatseni. Methyl orange, utoto umene tinkadontheza poyeza asidi pa titration uja, ndi mwana wa banja lomweli, mkati mwake muli azobenzene. Ndibwereranso kwa iye.

Ntchito yoyamba imene inawatchukitsa inatuluka mu 2004 m'magazini ya Nature Neuroscience. Selo ya minyewa ili ndi timakomo pa khungu lake, tina tolowetsa sodium, tina totulutsa potassium, ndipo kutseguka ndi kutsekeka kwa timakomoti ndiye magetsi a ubongo. Iwo anatenga khomo la potassium, n'kumangirira chingwe pambali pake. Pakati pa chingwecho anaikapo azobenzene, kumapeto kwake kachitsekero. Ganizirani chitsononkho chotsekera botolo la palafini, chomangidwa pakhosi pa botololo. Chingwe chikawongoka chitsononkho chimafika pakamwa n'kutseka. Chikapindika chimafupika, chitsononkho n'kuzuka, potassium n'kutuluka, selo n'kukhala chete. Anatha kuyankhulitsa ndi kukhalitsa chete selo ya ubongo wa khoswe posintha mtundu wa nyale basi. Mu 2006 anachitanso chimodzimodzi pa khomo lolandira glutamate, mankhwala amene maselo a ubongo amatumizirana nawo uthenga, koma ulendo uno chingwe chikapindika ndi pamene chimabweretsa nyambo pakamwa pa khomolo, selo n'kudzuka.

Anamwino a ku Nazale: Ndikuwerenga ndili pa naiti. Zimenezi zikundikumbutsa ana athu achikasu. Timawavula n'kuwasiyira thewera lokha, kuwaphimba maso, n'kuwagoneka pansi pa nyale za buluu. Amayi ambiri amaganiza kuti tikuwaotcha kuti amve kutentha. Agogo ena anandifunsa kuti kodi mukufuna mwanayu aswe ngati dzira? Pakapita masiku awiri atatu chikasu chija chatsika. Kodi n'zofanana?

Kamnyamata ka mu Labu: Sisitala, mwagunda penipeni. Chikasucho ndi bilirubin. Mmene amakhalira mwachibadwa amadzikulunga moti sasungunuka m'madzi, ndipo chiwindi cha khanda sichinakhwime kuti chimusinthe. Kuwala kwa buluu, cha m'ma mananomita 460, kumapotokola mfundo imodzi m'molekyuyo, n'kusanduka mtundu wotha kutuluka ndi ndulu ndi mkodzo. Ndi kupindika komweko. Ndipo anayamba kuzindikira ndi namwino mnzanu, Jean Ward, pachipatala cha ku Rochford ku England m'zaka za m'ma 1950. Ankatulutsa ana obadwa masiku asanakwane kukawothera dzuwa, n'kuona kuti khungu lomwe linawombedwa ndi dzuwa layera pamene malo ophimbidwa ndi nsalu akadali achikasu. Lipoti linatuluka mu 1958 m'dzina la dokotala Cremer ndi anzake.

Anamwino a ku Nazale: Kuona anaona ndi namwino, dzina n'kupita kwa adokotala. Zimenezi ndiye sizinasinthe mpaka lero. Koma chonde musakauze anthu kumudzi kuti khanda lachikasu aziliyanika padzuwa, chikasu chikakwera chimawononga ubongo. Abwere nalo tiliyeze.

Didimo: Ndiloleni nditsegulenso pakamwa, mwaulemu. Mwati 2004. Pano papita zaka zoposa 20. Wa Famase, pa shelefu yanu pali mankhwala angati a bambo Trauner?

Wa Famase: Palibe.

Didimo: Ndiye phindu lake lili pati? Ine ndimagulitsa matayala. Ndikakhala zaka 20 ndikulonjeza tayala lomwe silinagubudukepo pamsewu, makasitomala andithawa. Akatswiriwa amatchuka ndi mapepala, amapatsana mphoto, kusamuka yunivesite iyi kupita iyo, wodwala ali pompo.

Kamnyamata ka mu Labu: Kusamuka ndiye wasamukadi. Anabadwira ku Linz mu 1967, digiri ya udokotala anatengera ku Vienna mu 1997, anakasulidwa ku New York kwa Samuel Danishefsky, Berkeley anafikako mu 2000, Munich mu 2008, New York University mu 2017, Pennsylvania mu 2022. Koma funso lanu ndi labwino ndipo sindilizemba. Ndinene kaye za maso zija, kenako ndikuyankheni.

Njira ya chingwe ija inali ndi vuto limodzi lalikulu. Kuti chingwecho chipeze pomangirira pamafunika kusintha majini a selo.

Didimo: Majini?! Tafikanso kwa asing'anga?

Kamnyamata ka mu Labu: Osati majini ogwira anthu aja madala, ndikunena malangizo a chibadwa a m'maselo. Kusintha amenewo mwa munthu si masewera, ndipo mukasintha simungabweze. Ndiye anapanga mamolekyu ena osafuna chingwe, ongolowa okha m'selo n'kukakhala pakhomo. Woyamba anali AAQ. Mu 2012 anabaya AAQ m'maso mwa mbewa zomwe ma rod ndi ma cone ake anali atafa. Atawalitsa nyale, kamwanadiso kanayamba kuchepa monga kamachitira m'diso lamoyo, ndipo mbewazo zinayamba kuthawa kuwala. Koma AAQ ankafuna kuwala kwamphamvu kwa UV, komwe kumawononga diso, komanso mphamvu yake inkatha msanga.

Apa ndi pamene methyl orange akubwereranso. Mukaika kagulu ka nitrogen kokankha maelekitironi kumapeto kwa mphete imodzi, ngati kamene kali pa methyl orange, zinthu ziwiri zimasintha. Molekyu imayamba kumvera kuwala wamba kooneka ndi maso, ndipo nyale ikangozima imawongoka yokha sekondi isanathe. Diso limafuna zimenezo, chifukwa simungamayende ndi nyale ziwiri, ina yoyatsira ina yozimitsira. Umu ndi momwe anapangira DENAQ, yemwe lipoti lake linatuluka mu 2014. Ameneyu anagwira ntchito ndi kuwala konga kwa masana, kwa masiku angapo. Chodabwitsa n'chakuti ankagwira pa retina yodwala yokha, yabwinobwino ankangoidutsa. Kenako kunabwera mng'ono wake BENAQ wokhalitsa kuposa apo.

Mayi a Mapasa: Zonsezi ndi mbewa. Nanga anthu?

Kamnyamata ka mu Labu: BENAQ yemweyo kampani ya Kiora Pharmaceuticals inamutenga n'kumutcha KIO-301. Anamuyesa koyamba pa anthu ku Adelaide, ku Australia, kuyambira mu 2022. Anthu ake anali 6 okha, onse a retinitis pigmentosa yofika patali. Cholinga chachikulu cha kuyesa koyambako chinali kuona ngati sawononga diso. Kampaniyo inalengeza kuti sanavulaze, ndiponso kuti ena anayamba kuzindikira bwinoko kuwala ndi komwe kukuchokera. Kumeneko si kuwerenga nyuzi kapena kuzindikira nkhope ya mwana, achemwali. Ndipo mankhwalawo amatha m'diso, jakisoni ayenera kumabwerezedwa. Ndikukhulupirira kuti kavidiyo ka apongozi katola apa n'kuthira mchere wambiri.

Wa Famase: Anthu 6, popanda gulu lina lobayidwa madzi chabe loyerekezera nalo, ndiponso wolengeza ndi mwini katundu. Pamenepo tidikire kaye.

Kamnyamata ka mu Labu: Ndikuvomera ndi manja awiri.

Didimo: Mbewa zimenezi zikanagwidwa pa msewu wa ku Salima zikanathera pa kamtengo, zowamba, ndi mchere. Kumeneko zikulandira chithandizo cha maso chomwe ine sindinalandirepo.

Aphunzitsi Opuma: Didimo, za tayala zija ndikuyankhe ine, mnyamatayu apume. Ukuyeza munthu wosula makasu ndi muyeso wa mlimi. Wosula safunsidwa kuti wakolola matumba angati, amafunsidwa kuti makasu ake akulima minda ingati. Kale wofufuza ubongo akafuna kudziwa ntchito ya khomo lina, ankathira mankhwala pa kachidutswa konse ka ubongo n'kudikira, ndipo kuwachotsa kunali kutsuka kwa mphindi zambiri. Ubongo sugwira ntchito pa liwiro limenelo, zake zimachitika m'tizigawo ta sekondi. Munthu amene wakupatsa njira yoyatsa ndi kuzimitsa khomo limodzi, pa selo limodzi, pa nthawi imene wafuna, wasintha mafunso amene ungathe kufunsa.

Kamnyamata ka mu Labu: Aphunzitsi anena zoona, koma ndiwonjezere mbali yowawa kuti a Didimo asanene kuti ndikugulitsa malonda. M'malabu a za ubongo, khasu lomwe linafala kwambiri si la Trauner. Mu 2005, chaka chimodzi chitangodutsa, m'magazini yomweyo, Ed Boyden, Karl Deisseroth ndi anzawo anaonetsa kuti mukhoza kutenga puloteni ya ndere zobiriwira za m'madzi, channelrhodopsin, imene Georg Nagel ndi Peter Hegemann anaifotokoza, n'kuiika m'selo ya minyewa. Puloteniyo payokha ndi khomo lomvera kuwala. Sipafunika katswiri wa kemisitiri wokuphikirani molekyu, mumangoitanitsa jini. Njira imeneyo, optogenetics, inafalikira ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala. Ngakhale pa nkhani ya maso inatsogola: mu 2021 José-Alain Sahel ndi Botond Roska analemba za bambo wa zaka 58, yemwe anamupeza ndi retinitis pigmentosa zaka 40 m'mbuyomo, amene atalandira jini yotere ndi kuvala magalasi apadera anatha kuloza zinthu zoikidwa patebulo ndi kunena kuti zilipo zingati.

Ndiye mukandifunsa ine, Trauner sanapambane mpikisano wa kutchuka. Chake chimene ena alibe ndi ichi: optogenetics imalowetsa khomo lachilendo m'selo, pamene iye amagwira makomo enieni amene seloyo inabadwa nawo. Ukafuna kudziwa chimene khomo lenileni la glutamate kapena la dopamine limachita, ndere sizikuthandiza. Chinanso, mankhwala amatha. Zikavuta umangosiya kubaya. Jini ikalowa yalowa.

Wa Famase: Ine nkhawa yanga ili pa mfundo ya nitrogen iwiriyo. Tinaphunzira za Prontosil, utoto wofiira umene Domagk anapeza m'zaka za m'ma 1930 kuti umapha mabakiteriya. Mu mbale ya mu labu sunkagwira ntchito, m'thupi mokha. Anadzazindikira kuti thupi limadula mfundo yomweyo ya azo n'kumasula sulfanilamide, gogo wake wa Bactrim amene timapereka tsiku ndi tsiku. Ndiye ngati thupi limadziwa kudula pamenepo, swichi yanuyo ikhala nthawi yaitali bwanji? Nanga zidutswa zake n'zabwino?

Kamnyamata ka mu Labu: Limenelo ndi limodzi mwa mavuto awiri akuluakulu, ndipo molekyu iliyonse iyenera kuyesedwa payokha. Lachiwiri mukhoza kuliona nokha usiku uno. Yatsani tochi ya foni, muphimbe ndi chala. Chala chimawala mofiira. Buluu ndi wobiriwira yense wamezedwa ndi magazi, wofiira yekha ndi amene wadutsa. Ma azobenzene ambiri amafuna UV kapena buluu, amene salowa m'thupi kupitirira pakhungu. N'chifukwa chake diso linakhala poyambira, ndi chiwalo chomwe kuwala kumalowa kokha popanda kung'amba munthu. Kwina konse pamafunika kulowetsa kanyale kapena kupanga swichi yomvera kuwala kofiira, ndipo magulu angapo akulimbana ndi zimenezo.

Anamwino a ku Nazale: Ndayesa. Chalachi chafiiradi ngati khala lamoto. Mnzanga wa pa shifiti akundiyang'ana ngati ndapenga.

Wa Famase: Kupatula maso, anayesanso pa chiyani?

Kamnyamata ka mu Labu: Zambiri, mwina mopitirira. Gulu lake linali ngati telala amene wapeza zipi yatsopano n'kumaisokerera pa chovala chilichonse. Mu 2012 anapanga QAQ, wachibale wa lidocaine amene amabaya pozula dzino. Ameneyu salowa m'selo iliyonse, amalowera pa khomo lotchedwa TRPV1, lomwe limapezeka pa minyewa yomva ululu. Ndi khomo lomwe kambuzi amatsegula mukamuluma. Akalowa, kuwala kobiriwira kumatseka ululu, kwa UV kumaubwezera. Mu 2014 anapanga mankhwala a shuga a banja la glibenclamide, JB253, otulutsitsa insulini akawalitsidwa ndi buluu. Anachitanso pa propofol wogonetsera anthu ku fiyeta ndi pa fentanyl. Zonsezi ndi za mu labu, palibe wodwala akumwa.

Imene imandikhudza ine ndili kuno ku Joni ndi ya khansa. Ku Eastern Cape kuli mtengo wa m'mbali mwa mitsinje, Combretum caffrum. M'khungwa lake George Pettit wa ku Arizona anapezamo combretastatin, poizoni woletsa maselo kugawikana. Molekyu yake mwachibadwa ndi yopindika, cis, ndipo ikawongoka mphamvu imatha. Anthu a ku Munich, Oliver Thorn-Seshold ndi Malgorzata Borowiak pamodzi ndi Trauner, anachotsa mfundo ya kaboni yapakati n'kuikapo ya nitrogen iwiri. Mu 2015 analengeza ma photostatin: mumdima ndi ofatsa, mukawawalitsa amapha selo yomwe mwaloza, yoyandikana nayo n'kutsala. Aliyense amene anaonapo m'bale wake akuthothoka tsitsi ndi kusanza chifukwa cha mankhwala a khansa akhoza kumvetsa chifukwa chake anthu akulota zimenezi.

Didimo: Mtengo wa ku Africa, pepala la ku Germany.

Kamnyamata ka mu Labu: Pamenepo sinditsutsa, madala.

Wa Famase: Ine ndinamvapo za wina wa ku Netherlands wopanga maantibayotiki ozima okha. Ndi gulu lomweli?

Kamnyamata ka mu Labu: Ameneyo ndi Ben Feringa wa ku Groningen, amene analandira Nobel mu 2016 pamodzi ndi Sauvage ndi Stoddart chifukwa cha timakina ta mamolekyu. Ndi gulu lina koma msewu ndi umodzi. Mu 2013 anasokerera azobenzene pa mankhwala a banja la ciprofloxacin. Mumawayatsa ndi kuwala, amagwira ntchito, pakapita maola angapo amawongoka okha n'kuzima. Cholinga n'chakuti akatuluka m'thupi kupita m'chimbudzi ndi m'mitsinje asakaphunzitse mabakiteriya kupirira.

Wa Famase: Amenewo ndiye ndikuwafuna dzulo. Anthu akumwa amoxicillin ngati mtedza, chimfine pang'ono makapisozi awiri, kenako kusiya.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo musaiwale kuti asanabwere onsewa panali Bernard Erlanger wa ku Columbia, amene cha m'ma 1970 anali atayesa kale azobenzene pa makomo a acetylcholine. Mbewu inagona m'nthaka zaka 30 kudikira mvula, ndiye kuti zipangizo zosinthira majini ndi nyale zabwino. Mnyamata, ndakumbukira bwino?

Kamnyamata ka mu Labu: Mwakumbukira bwino aphunzitsi, ndipo ndachita manyazi kuti ndinamudumpha. Ndiwonjezere kamodzi kokha ndisanatsike basi. Ife a kemisitiri Trauner timamulemekezanso pa ntchito ina, yomanga mamolekyu ovuta a m'chilengedwe kuyambira pansi. Mu 2022 gulu lake linapanga tetrodotoxin, poizoni wa nsomba yodzitukumula imene a ku Japan amadya mosamala kwambiri, m'masitepe 22 okha. Poizoni ameneyo amatseka makomo a sodium, ndipo ofufuza minyewa amamugwiritsa ntchito tsiku lililonse. Amene anaphikapo molekyu ya masitepe asanu n'kutsala ndi kafumbi pansi pa botolo akudziwa chimene 22 akutanthauza pa chinthu chopiringizika ngati chimenecho.

Wamaso: Ndabwera, ndawerenga zonse. Ndiyankhule monga munthu amene amayang'ana m'maso mwa anthu tsiku lonse. Choyamba, aliyense pagulu pano amene ali ndi kholo losaona asathamangire nkhaniyi. Ambiri amene timawaona ndi a ng'ala, ndipo ng'ala ndi galasi la diso lachita chifunga, retina ili bwino. Opaleshoni yake ndi ya mphindi zochepa, ku Nkhoma, ku Lions ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu amachita, mawa lake gogo akuwerenga zidzukulu. Wa glaucoma jakisoni ameneyu sangamuthandize ngakhale atafika lero, chifukwa glaucoma imapha ma ganglion omwewo, mawaya amene mnzathuyu amanena. Trachoma ndiye tinathana nayo, WHO inatsimikiza mu 2022. Nkhani ya Trauner ndi ya kagulu kochepa, retinitis pigmentosa imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 4,000 alionse. Koma kwa banja limene yagwera, monga la mayiwa, chiwerengerocho sichitonthoza.

Chachiwiri, mayi, kwa inu. Musapereke ndalama kwa aliyense wonena kuti ali ndi jakisoni ameneyu, sali pamsika. Chaka chatha ndinalandira bambo wina amene anagulitsa njinga yamoto kugula timabotolo todontheza m'maso kwa munthu wa pa intaneti, anafika maso ali psuu. Mankhwala a majini ovomerezeka alipo, Luxturna, a mu 2017, koma ndi a anthu okhawo amene vuto lawo lili pa jini ya RPE65, ndipo mtengo wake ku America unali madola 850,000 maso awiri.

Mayi a Mapasa: Mayo ine. Ndiye palibe chathu.

Wamaso: Chilipo, n'chifukwa chake ndabwerera. Anthu a nthenda imeneyi kawirikawiri amachitanso ng'ala msanga, kumbuyo kwa galasi la diso, ndipo ena pakati pa retina pamatupa madzi. Ziwirizi zimathandizika. Munthu amaganiza kuti nthenda yake yakula pamene chamutsekera kapaipi kake kaja ndi ng'ala yochotseka. Anapimidwa liti komaliza?

Mayi a Mapasa: Papita zaka zinayi kapena zisanu. Atauzidwa kuti palibe mankhwala anakhumudwa, sanafunenso kupondako.

Wamaso: Abwere nawo. Akawathire mankhwala okulitsa kamwanadiso, awayang'ane mpaka kumbuyo. Tsiku limenelo asayende okha chifukwa maso saona bwino kwa maola angapo. Magalasi akuda a dzuwa amathandiza kunyezimira kuja, tochi yamphamvu madzulo, ndipo ndodo yoyera ndi bwino kuiphunzira akadali ndi kuona kotsalako. A Malawi Union of the Blind angakulozereni kophunzirira. Mapasa anuwonso ndi ana a achimwenewo, wina akayamba kudandaula za usiku, musadikire.

Didimo: Achemwali, tsiku lopita mundiuze, galimoto ndipereka ine ndi mafuta omwe. Za apongozi zija ndabweza.

Mayi a Mapasa: Zikomo a Didimo, mwandichititsa manyazi. Ndiyankhula nawo mawa, koma ndiyambira kwa alamu, iwo ndi amene amawatha. Achimwene a mu labu, mundilembere mayina aja pambali, la mzungu ndi la jakisoni, ndikawawerengere. Amakonda kumva zoterezi pa wailesi.

Aphunzitsi Opuma: Mnyamata, usanagone. Mdzukulu wanga ali ndi kalabu ya sayansi kusukulu kwawo. Ndikatenga methyl orange ndi tochi, ana angaone kupindikako ndi maso?

Kamnyamata ka mu Labu: Ayi aphunzitsi, m'madzi amawongoka msanga kwambiri, diso silingagwire. Yesani mikanda ija yosintha mtundu padzuwa, kapena magalasi a maso amene amada mukatuluka panja. Molekyu yake ndi ina koma khalidwe ndi lomwelo. Ana aphimbe theka ndi kapepala, aike padzuwa mphindi imodzi, achotse, kenako alowe nazo m'kalasi awerenge masekondi mpaka mtundu utabwerera. Akayese kawiri, kamodzi pa madzi ozizira kamodzi pa ofunda, aone kusiyana.

Anamwino a ku Nazale: Magetsi athima kuno, ndikuthamangira kukaona ngati jenereta yanyamula nyale za ana anga. Tionana mawa.

Adimini: Pitani bwino sisitala. Enanu, zopereka zija anthu 11 simunatumizebe, ndipo a Didimo dzina lanu lili pamwamba.